Permission to Land: kumvetsa chimbale choyamba cha The Darkness ndi nyimbo za glam metal

Mu Sepitembala 2024 pa intaneti panayenda kanema wamfupi wa Taylor Swift, woyimba wotchuka wa ku America. Sanali pa siteji ayi. Anali m'gulu la anthu oonera mpikisano wa tenesi wa US Open ku New York, ndipo ankayimba ndi mtima wonse motsatira nyimbo yomwe inkalira m'masipika a m'bwalomo. Nyimboyo inali "I Believe in a Thing Called Love" ya gulu la ku England lotchedwa The Darkness, yochokera m'chimbale chawo choyamba, Permission to Land, chomwe chinatuluka pa 7 Julayi 2003.

Amene anachita chidwi n'kukafufuza za gululi anakapeza zozunguza mutu. Pena akulitchula kuti ndi la glam metal, pena glam rock, pena hard rock. Pa zithunzi pali mwamuna watsitsi lalitali, wavala chovala chimodzi chothina kuyambira m'mapewa mpaka kumapazi, pachifuwa pali poyera, ndipo akatsegula pakamwa mawu akutuluka ang'ono, okwera ngati a mtsikana wa sopulano. Funso lomwe anthu a ku Britain anafunsa mu 2003 ndi lomwe aliyense wowaona koyamba amafunsabe: kodi anthuwa akuyimba zenizeni kapena akuchita sewero? Yankho lake silibwera msanga ngati munthu sakudziwa kumene mayimbidwewa anachokera, momwe phokoso lake limapangidwira, ndiponso njira yomwe chimbale choyamba cha gulu chimadutsa.

Glam n'chiyani, metal n'chiyani?

Tiyambe ndi metal. Heavy metal ndi mtundu wa nyimbo za rock zolemera mawu: gitala yamagetsi yokwezedwa kwambiri, besi yogunda pachifuwa, ng'oma zomenyedwa mopanda chisoni. Ambiri amati inabadwira ku Birmingham, mzinda wa mafakitale a zitsulo, kumene gulu la Black Sabbath linatulutsa chimbale chake choyamba mu Febuluwale 1970.

Glam ndi chidule cha mawu a Chingerezi otanthauza kutchena ndi kunyezimira. Mu 1971 Marc Bolan wa gulu la T. Rex anaonekera pa pulogalamu ya pa TV ya Top of the Pops atadzola zonyezimira kumasaya, ndipo pasanapite nthawi David Bowie, Slade ndi Sweet anadzaza makanema ndi nsapato zazitali, zovala zowala ndi nkhope zophoda. Imeneyo ndiyo glam rock. Nyimbo zake zinali zazifupi, zosavuta kuloweza, zoti khamu lonse lizitha kukuwa limodzi pa kolasi.

Glam metal tsono ndi mwana wa ziwirizi. Ku metal anatenga gitala yolemera ndi luso lothamangitsa zala, ndipo ku glam anatenga zovala, zodzola ndi kolasi yomamatira m'mutu. Ena amaitcha hair metal chifukwa cha tsitsi lalikulu loyimikidwa ndi mankhwala, koma dzina limeneli kawirikawiri limanenedwa monyodola. Hard rock ndiye nyumba yaikulu momwe zonsezi zimakumanamo. Malire a mayinawa ali ngati malire a minda ya pachibale, aliyense amaloza pake.

Mbewu ya ku Britain yomwe inakabala ku Los Angeles

Ngakhale makolo onse awiri anali a ku Britain, glam metal inakakulira ku America, m'makalabu a mumsewu wa Sunset Strip ku Los Angeles. Kumeneko n'kumene kunatuluka Mötley Crüe, Ratt ndi Poison. Chinawathandiza kwambiri ndi MTV, siteshoni ya pa TV yoonetsa mavidiyo a nyimbo, yomwe inayamba mu Ogasiti 1981. Nyimbo zitayamba kuonedwa ndi maso, gulu lotchena linali ndi mwayi woposa gulu lovala majini wamba. Mu 1983 gulu la Quiet Riot linafika pa nambala 1 ku America ndi chimbale chomwe nyimbo yake yotchuka kwambiri inali yobwereka kwa Slade, anyamata a kufupi ndi Birmingham komweko.

Ku Britain nako kunali magulu amtunduwu, ndipo zimbale zawo zoyamba zimakumbukiridwabe ndi okonda mayimbidwewa. Girl ya ku London inatulutsa Sheer Greed mu 1980. Wrathchild ya ku Evesham inabwera ndi Stakk Attakk mu 1984, ndipo Tigertailz ya ku Cardiff ku Wales inatulutsa Young and Crazy mu 1987. Palibe mwa atatuwa amene anafika pomwe anafika anzawo a ku America. Chochititsa chidwi n'choti anthu awiri a mu Girl anakapeza mwayi kwina: woyimba gitala Phil Collen analowa Def Leppard ya ku Sheffield mu 1982, pamene wotsogolera nyimbo Phil Lewis anawoloka nyanja kukalowa L.A. Guns ku Los Angeles.

Kenako mphepo inatembenuka. Mu Januwale 1992 chimbale cha Nirvana, Nevermind, chinachotsa cha Michael Jackson pa nambala 1 ku America. Oyimba ovala malaya akutha, oyimba za kusweka mtima ndi kukhumudwa, analanda bwalo. Tsitsi lalikulu ndi zonyezimira zinasanduka zochititsa manyazi. Ku Britain zaka zotsatira zinali za Oasis ndi Blur, kenako Travis ndi Coldplay. Pofika 2000, kuvala chovala chothina n'kumaliza gitala kwa mphindi yathunthu kunali ngati kupita ku ukwati wa lero utavala fasho ya agogo.

Anyamata a ku Lowestoft

M'nyengo yoteroyo, m'chaka cha 2000, ndi momwe The Darkness inabadwira. Inali ya anthu anayi: Justin Hawkins wotsogolera nyimbo komanso woyimba gitala, mng'ono wake Dan Hawkins pa gitala, mnzawo wa kusukulu Ed Graham pa ng'oma, ndi Frankie Poullain wa ku Scotland pa besi. Atatu oyambawo anakulira ku Lowestoft m'chigawo cha Suffolk, tauni yomwe ili kum'mawa kwenikweni kwa Britain. Kale inali doko lalikulu la asodzi, koma usodzi utalowa pansi inatsala tauni yachete ya m'mphepete mwa nyanja, kutali ndi kumene makampani a nyimbo amayang'ana.

Anasamukira ku London n'kuyamba kuyimba m'mabala ang'onoang'ono. Malowo anali opanikiza, koma iwo ankachita ngati ali m'bwalo la zamasewero lodzaza. Justin ankakwera pamapewa a munthu n'kumadutsa pakati pa khamu akuliza gitala. Anthu ankauzana, sabata yotsatira n'kubwera ndi anzawo. Makampani akuluakulu ankabwera kudzaonera n'kubwerera osasaina, poganiza kuti nthawi ya nyimbo zotere inapita. Mu Epulo 2003 gululi linadzaza holo ya London Astoria, yolowa anthu pafupifupi 2,000, lisanasaine ndi kampani yaikulu iliyonse.

Chisamba chimabadwa bwanji?

Chimbale choyamba ndi mwana wachisamba wa gulu. Chimasiyana ndi zotsatira zake pa chinthu chimodzi chachikulu: nyimbo zake zimakhala zitayesedwa kale pamaso pa anthu kwa zaka. Nyimbo yomwe anthu ankatuluka kukasuta ikamayimbidwa inatayidwa kalekale, ndipo yomwe ankakuwa nayo inakonzedwa mpaka kusalala. Gulu likamalowa mu situdiyo limakhala likudziwa pomwe khamu limapumira ndi pomwe limadumphira.

Nkhani ya ndalama nayo ndi yofunika kuimvetsa. Mwachizolowezi kampani ya nyimbo imapatsa gulu ndalama zoyambira, zomwe pa Chingerezi amati advance. Si mphatso ayi. Zili ngati ulimi wa fodya wa mgwirizano, momwe kampani imapereka mbewu ndi feteleza pangongole, n'kudzadula ndalama zake fodya akagulitsidwa. Oyimba sayamba kulandira gawo lawo la malonda mpaka ngongoleyo itatha, ndipo popeza kampani ndiyo yalipira, imakhala ndi mawu pa momwe chimbalecho chimvekere.

The Darkness inadutsa njira ina. Justin Hawkins ankapeza ndalama popeka tinyimbo ta malonda ta pa wailesi ndi pa TV, ndipo ndalama zimenezo zinathandiza kulipira situdiyo. Anajambula ndi pulojusa Pedro Ferreira, mbali yaikulu ku Chapel Studios m'chigawo cha Lincolnshire. Pulojusa ndi munthu woyang'anira kajambulidwe: amasankha pomwe maikolofoni ayikidwe, amauza woyimba kuti abwereze, ndipo amasakaniza zida zonse kuti zimveke bwino pamodzi. Nyimbo zoyamba zinatuluka kudzera ku kampani yaying'ono ya Must Destroy, ndipo pamene kampani yaikulu ya Atlantic inkabwera, ntchito yaikulu inali itachitika kale. Anali ngati mlimi wodzigulira yekha feteleza, wofika ku msika ndi mabelo omanga kale. N'chifukwa chake chimbalechi chimamveka monga momwe gululi linkamvekera pa siteji, popanda wina wochepetsa zomwe ankaziona ngati zopitirira muyezo.

Dzina la chimbalechi ndi mawu a oyendetsa ndege, opempha chilolezo chotera. Pachikuto pali chombo cha m'mlengalenga chikutsika, ndi mkazi akuchilondolera ndi nyali m'manja. Muli nyimbo 10, ndipo zonse pamodzi sizikwana mphindi 40.

Zomwe khutu likumva

Apa ndi pomwe pali mtima wa nkhani, chifukwa munthu wosazolowera amangomva phokoso, chonsecho mkati mwake muli dongosolo.

Choyamba ndi kusweka kwa mawu a gitala, komwe amakutcha distortion. Aliyense amene anakwezapo kawailesi kakang'ono mpaka sipika kuyamba kunjenjemera akudziwa momwe mawu amathethekera. Pa wailesi limenelo ndi vuto, koma oyimba rock amachita dala. Amalumikiza gitala ku ampu, chida chokuza mawu, n'kuikweza kupyola pomwe ingatulutse mawu oyera. Zotsatira zake mawu amanenepa, amakhala aukali, ndipo chingwe chikakhudzidwa kamodzi chimalira nthawi yaitali. Abale a Hawkins amadziwika ndi magitala a Gibson Les Paul ndi ma ampu a Marshall, zida zomwe magulu a hard rock a zaka za m'ma 1970 ankakonda. Okumbukira Zamrock ya ku Zambia, magulu ngati WITCH ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi, phokoso limeneli si lachilendo kwa iwo. Nawonso ankamwa pa chitsime chomwecho cha Jimi Hendrix ndi Black Sabbath.

Chachiwiri ndi riff, kachidutswa kakafupi ka gitala kobwerezedwabwerezedwa, komwe nyimbo yonse imatsamirapo. Ganizani za ng'oma za pabwalo. Mpanje umagunda mofananamo osasintha kuti ovina adziwe poponda, ndipo mbalule ndiyo imayankhula, kusewera ndi kutsogolera. Riff ili ngati mpanje. Solo, nthawi yomwe wotsogolera nyimbo amakhala chete kuti gitala imodzi iyimbe yokha, ili ngati mbalule. Mu The Darkness, Dan ndiye kawirikawiri amagwira mpanje mouma ndi mosagwedezeka, mayimbidwe omwe ambiri amawafanizira ndi a gulu la hard rock la ku Australia la AC/DC, pamene solo amagawana ndi mkulu wake. Nthawi zina magitala awiriwo amayimba mzere umodzi pamodzi, wina pamwamba wina pansi, monga tena ndi alito m'kwaya. Luso limeneli linatchuka ndi Thin Lizzy, gulu la ku Ireland lomwe Dan amakonda kuvala malaya olembedwa dzina lake.

Chachitatu, chomwe chimagawa anthu pawiri, ndi mawu a Justin. Mwamuna aliyense ali ndi mawu a pachifuwa omwe amayankhulira, komanso mawu ena ang'ono okwera omwe amatuluka akafewetsa kholingo. Mawu achiwiriwa ndiwo falsetto. Mnyamata woyimba sopulano m'kwaya yopanda atsikana amagwiritsa ntchito omwewa. Kuwatulutsa sikovuta. Chovuta ndi kudumpha kuchoka pachifuwa kupita pamwamba n'kubwerera pakati pa mzere umodzi, mothamanga, osaphonya, gitala ziwiri zikulira kumbuyo. Amene anayesapo kuyimba kolasi ya nyimbo ija ya ku US Open amadziwa kuti mpweya umathera panjira. Kaya munthu mawuwo amawakonda kapena amamubaya m'makutu, ntchito yomwe ilipo ndi yaikulu.

Mu situdiyo mawu amajambulidwa kangapo n'kusanjikizidwa, kotero kuti munthu mmodzi amamveka ngati kwaya. Gulu la Queen ndilo linadziwika kwambiri ndi njira imeneyi, ndipo n'chifukwa chimodzi chomwe dzina la Freddie Mercury, yemwe ankatsogolera nyimbo m'gululo, limatchulidwira anthu akamakamba za Justin. Ndipo monga zimbale zambiri za glam metal, pakati pa nyimbo zothamanga pali ina yodekha yachikondi yomwe imayamba pansi n'kukathera mwamphamvu. Mtundu umenewu amautcha power ballad, ndipo m'chimbalechi ndi "Love Is Only a Feeling".

Nyimbo za kwawo

Magulu a ku Los Angeles ankayimba za magalimoto, maphwando ndi akazi a mumzinda wadzuwa. The Darkness inatenga mayimbidwe omwewo n'kuthiramo nkhani za kumudzi kwawo. Nyimbo yotsegulira, "Black Shuck", ikukamba za galu wakuda wa m'nthano za kum'mawa kwa England, yemwe amati analowa m'tchalitchi cha ku Blythburgh pa nthawi ya mkuntho mu Ogasiti 1577. Mpaka lero alendo amaonetsedwa zipsera pa chitseko cha tchalitchicho, zomwe nthano imati ndi zikhadabo zake. Tchalitchicho chili pafupi ndi Lowestoft, choncho kwa anyamatawa inali nthano yomwe anakula nayo.

"Stuck in a Rut" ikutchula misewu ya m'derali pofotokoza mtima wofuna kuthawa m'tauni yopanda mwayi. "Friday Night" ikuwerenga makalabu a ana a sukulu a pambuyo pa maphunziro, monga masewero ndi kusoka, pokumbukira chikondi cha paubwana. "Givin' Up" ili ndi kayimbidwe kosangalala koma ikukamba za mankhwala ozunguza bongo a heroin. Tinene kuti nyimbo zina zili ndi mawu otukwana, makamaka "Get Your Hands Off My Woman", choncho si chimbale chongoyika pamaso pa ana kapena apongozi.

Tchati, pulatinamu ndi mphoto

Ku Britain sabata iliyonse kumatuluka ndandanda wa nyimbo ndi zimbale zomwe zagulidwa kwambiri, womwe amautcha tchati. Mu 2003 ankawerenga makope ogulidwa m'masitolo, makamaka ma CD, chifukwa kuwerengera zomvera pa intaneti kunabwera patapita zaka zoposa 10. Kope lililonse lowerengedwa linkatanthauza munthu amene anatulutsa ndalama m'thumba.

Permission to Land inalowa pa nambala 2. M'chilimwe chimenecho gululi linayimba pa chikondwerero cha Glastonbury, kenako linatsegulira konsati ya woyimba wotchuka Robbie Williams ku Knebworth pamaso pa khamu lalikulu, ndipo chimbalecho chinakwera pa nambala 1 n'kukhalapo milungu inayi. "Growing on Me" inafika pa nambala 11, "I Believe in a Thing Called Love" pa nambala 2, ndipo nyimbo yawo ya Khirisimasi ya chaka chomwecho inatheranso pa nambala 2.

Mukamva kuti chimbale chafika pa pulatinamu, ndi chizindikiro cha malonda. Ku Britain pulatinamu imodzi ya chimbale ndi makope 300,000. Ichi chinafika pa pulatinamu kanayi, kutanthauza makope oposa 1.2 miliyoni. Ku America chinalandira chizindikiro cha golide, chomwe kumeneko ndi makope 500,000. Mu Febuluwale 2004 pa mphoto za BRIT, zomwe ndi zazikulu kwambiri pa nyimbo ku Britain, The Darkness inatenga zitatu: gulu labwino koposa, gulu la rock labwino koposa, ndi chimbale chabwino koposa. Chaka chomwecho analandiranso mphoto ya Ivor Novello ya opeka nyimbo, ndipo anali alendo aakulu pa zikondwerero za Reading ndi Leeds. Chaka chimodzi ndi miyezi yochepa m'mbuyomo analibe ngakhale kampani yaikulu.

Nthabwala kapena zenizeni?

Mkangano unalipo kuyambira pachiyambi, ndipo mbali zonse zili ndi mfundo.

Ena ankati gululi likuseka nyimbo za zaka za m'ma 1980. Ankaloza zovala, mavidiyo okhala ndi zombo za m'mlengalenga ndi zilombo, ndi mawu a nyimbo oseketsa, n'kulifanizira ndi This Is Spinal Tap, filimu yanthabwala ya 1984 yonena za gulu la metal longopeka. Kwa iwo chimbalechi chinali nthabwala yokoma yomwe singanenedwe kawiri. Ena ankati munthu sangathe zaka akuyeserera gitala mpaka kufika pamenepo pofuna kungoseka chabe. Eni akewo akhala akunena kuti nyimbozi amazikonda zenizeni, ndipo kuseka sikuchotsa kudzipereka.

Ife tili ndi chitsanzo chomwe chingathandize. Wovina beni ku Mangochi, kapena malipenga ku Nkhata Bay, amavala ngati msilikali, amapachika mamendulo, amaguba motsanzira perete wa atsamunda. Oonera amaseka, iyenso akudziwa kuti akuseketsa. Komabe masitepe ake ndi ophunziridwa mwakhama, ndipo gulu likaphonya pa mpikisano limachita manyazi enieni. Kodi beni ndi kunyoza asilikali kapena kuwasirira? Anthu akhala akutsutsana pa funso limeneli kwa nthawi yaitali, ndipo guleyo akuvinidwabe. Mkangano wa The Darkness ndi wa mtundu womwewo.

Palinso kusiyana maganizo pa dzina. Amene amati ndi glam metal amaloza zovala, solo ndi power ballad. Amene amakana amati phokoso lake ndi louma, lopanda kusalala kwa zimbale za ku Los Angeles, ndipo lili pafupi ndi hard rock ya zaka za m'ma 1970. Mukamvetsera nyimbo yoyamba mumva AC/DC, mukafika pa yachisanu mumva za m'ma 1980, choncho aliyense amapeza umboni wake m'chimbale chomwecho.

Pambuyo pa chisamba

Chimbale chachiwiri chimavuta pa chifukwa chomwe chimapepukitsa choyamba. Nyimbo zoyesedwa kwa zaka zatha, gulu lili paulendo nthawi zonse, ndipo kampani ikudikira. One Way Ticket to Hell... and Back inatuluka mu Novembala 2005, itajambulidwa ndi Roy Thomas Baker, pulojusa yemwe anagwira ntchito ndi Queen pa "Bohemian Rhapsody". Inafika pa nambala 11. Frankie Poullain anali atachoka kale chaka chomwecho, ndipo mu 2006 Justin anasiya gululi atalandira chithandizo pa vuto la mowa ndi mankhwala ozunguza bongo.

Anayiwo anabwererana mu 2011. Ed Graham anachoka mu 2014, ndipo kuyambira 2015 pa ng'oma pamakhala Rufus Taylor, mwana wa Roger Taylor woyimba ng'oma wa Queen. Mu 2023 Permission to Land inatulutsidwanso pokumbukira zaka 20, pamodzi ndi nyimbo zina zomwe sizinalowe m'chimbale choyambacho. Mu Malichi 2025 gululi linatulutsa Dreams on Toast, yomwe inalowa pa tchati ya ku Britain pa nambala 2, pomwe chisamba chija chinalowera mu Julayi 2003.